Njanji ya a Sizinathe

Kufakitale ya mabotolo kunalibe munthu wowatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Sizinathe, ndipo dzinalo anadzipatsa okha ndi pakamwa pawo. Ukawafunsa kuti, "Kodi sitima zanu zija zayamba kuyenda?" ankayankha osadzutsa n'komwe mutu kuti, "Sizinathe." Anayankha choncho zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka ofunsawo ena anamwalira, ena anangotopa.

Ntchito yawo inali yosunga makiyi a chipinda cha zida. Amakanika akafuna sipanala, lamba wa makina kapena bawuti, ankaima pakawindo ka chipindacho, ndipo a Sizinathe ankawayang'ana ngati anthu obwera kudzafunsira mwana wawo. Chinthu chatsopano sichinkatuluka m'manja mwawo mwachisawawa. Ankayamba akupatsa chakale, chatsopanocho n'kuchibwezera m'pepala lake lamafuta. "Chinthu chimatha ndi manja," ankatero. "Chili m'bokosi sichikalamba." Mabwana ankawakonda nazo zimenezi, amakanika ankawatukwana chamumtima, iwo ankagona tulo tabwino. Kunena zoona anali munthu wokhulupirika. Cholakwika n'choti nzeru za kuntchitozi anapita nazo kunyumba.

Kainjini koyamba ka sitima zosewerera anakapeza chaka chomwe anakwatira, m'sitolo ya zinthu zakale imene inali kuseri kwa msika. Kanali kobiriwira, kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo padenga pake panali timikono tiwiri togwirira waya, monga zimakhalira sitima zenizeni zoyendera magetsi. Mbali imodzi kanali kokalika. Mwini sitolo anakaika pakanjanji kakafupi, kanayenda kutsogolo, kanabwerera kumbuyo, kanyale kake kakuwala. A Sizinathe, amene anali asanakwerepo sitima yamagetsi chibadwire, anaima pamenepo mpaka mwini sitoloyo anayamba kutseka mawindo. Atafika nako kunyumba anakakulunga m'pepala lofewa, n'kukaika m'bokosi lake, n'kulemba nambala wani pachivundikiro.

Kuyambira pamenepo matenda anawalowa. Kena anakagula kwa mayi wina wamasiye amene mwamuna wake anali ndi matenda omwewo. Kena anakaitanitsa papositi, n'kukadikira miyezi isanu. Kena anasinthanitsa ndi wailesi ya m'nyumba, nkhani imene akazi awo sanaiiwale mpaka kumanda. Timainjini tinafika khumi ndi tinayi, tonse tamagetsi, chifukwa ta malasha ndi ta dizilo ankati n'tauve ngakhale tili tosewerera. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ankatsitsa mabokosiwo limodzilimodzi, kuvundukula, kukweza pepala ndi zala ziwiri, kuyang'ana, n'kutsekanso. Panjanji sankaikapo ngakhale kamodzi. Tonse tinkadikira tsiku lotsegulira.

Nyumba yawo inali ya fakitale, imodzi mwa zija za mumzere zofanana ngati zobadwa tsiku limodzi, ya zipinda ziwiri zogona. Chipinda chachiwiricho chinatengedwa ndi njanji. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakulira pabalaza kuseri kwa katani, akumva bambo ake akukhoma misomali m'chipinda chimene chikanakhala chake. Tebulo la njanjilo analimangira m'katimo, thabwa ndi thabwa, guluu ndi misomali, mpaka linadzaza chipinda chonse kusiya kanjira ka kukhomo ndi bowo la pakati poimapo munthu. Pamwamba pake panali siteshoni, phiri la mapepala ndi pulasitala lobowoledwa kuti sitima izidutsa m'kati, mtsinje wopaka utoto, ndi mlatho pafupi ndi zenera.

Akazi awo anali telala wosokera pakhonde, munthu wamfupi, wa pakamwa posachedwa. Tsiku lina anasuzumira pakhomo, ataphimba mphuno chifukwa cha fungo la guluu.

"Bambo ake a mwana, chimenechi tikadzasamuka chidzatulukira pati?"

"Tisamukire kuti? Fakitale ikupita kuti?"

"Ine ndangofunsa."

Munthu amene ankadziwa kukula kwa bawuti iliyonse ya m'fakitale sanayezepo khomo la chipinda chake.

Njanjiyo inazungulira tebulo lonse, kupatula malo amodzi. Pamlatho paja anasiya mpata wa zala zinayi. Kachidutswa kotsiriza kotseka mpatawo kanalipo, kokulungidwa bwinobwino m'diloo, koma ankati kadzaikidwa pa tsiku lotsegulira lenilenilo, ndipo amene adzapotokole choyatsira magetsi koyamba adzakhala akazi awo. Analonjeza zimenezi mwana ali kumsana. Koma choyamba panafunika timapolo ta mawaya, mazana awiri, tonse tosema pamanja. Timapolo titatha panafunika mitengo ya m'phiri. Mitengo itatha anaona kuti siteshoni yopanda anthu ndi manyazi. Anthu atafika, utoto wa mtsinje unali utasuluka.

"Ndidzapotokola ndili ndi ndodo," ankatero mayiwo.

"Sizinathe, mayi. Mukufuna anthu adzatiseke?"

"Anthu ake ati? M'nyumba muno tilimo atatu."

Chipindacho chinkakhala chokiya, ndipo kiyi wake ankayenda ndi makiyi a kuntchito pa lamba wa buluku. Mayiwo ankaloledwa kusesa pansi Loweruka lokha, eni ake ataima pakhomo n'kumalondola tsache ndi maso.

Ndodoyo sanaifikire. Anadwala milungu itatu yokha, n'kupita. A Sizinathe anali atapuma kale ntchito, ndipo kuchokera tsiku la maliro sanasemenso kanthu. Ankangolowa m'chipindamo, kuima pabowo la pakati, n'kumayang'ana anthu a pasiteshoni amene anali atadikira sitima zaka zambiri chiimire. Zinkawapweteka, koma analibe womuuza, chifukwa munthu amene ankawamvera ndi khutu limodzi uku akupalasa makina osokera ndi amene anali atapitayo.

Patatha zaka ziwiri kalata inabwera. Fakitale inali itagulitsidwa kwa anthu ofuna malo osati mabotolo, ndipo nyumba zonse za mumzere zinayenera kukhala zopanda munthu pakutha kwa mwezi. Mwana wawo uja, amene tsopano anali namwino, anati abambo akakhale kwa iye, m'nyumba yosanja ya zipinda ziwiri imene ankakhala ndi mwamuna wake. Kumeneko kunali bedi, ndi malo a pansi pa bedilo. Malo a tebulo kunalibe.

Anaitana kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo, mkulu mnzawo amene nayenso anali kumanga katundu. Iye anayeza tebulo, anayeza khomo, anayang'ana zitsulo za pazenera, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, ili silituluka lamoyo. Tilidule zidutswa zisanu ndi chimodzi, mwinanso kuposa. Matabwawo ndingatenge ine, koma phirili ndi mawayawa ndiye basi."

A Sizinathe sanakangane naye. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti macheka adikire mpaka m'mawa wa tsiku losamuka. Ankafuna kuona sitima imodzi itazungulira njanji yonse kamodzi kokha, kuchoka pasiteshoni n'kubwerera pasiteshoni, tebulolo lisanadulidwe. Zina zonse anali atazitaya kale mumtima.

Tsikulo linafika. Katundu wa m'nyumba anali atamangidwa kale pabalaza, ndipo wa lole ananena kuti afika dzuwa lili pamutu ndipo sadikira munthu. Namwino anabwera m'mamawa. Kalipentala anakhala pakhonde ndi macheka ake pamiyendo, akuwotha dzuwa. A Sizinathe anavala jekete ndi tayi, anapukuta njanji yonse ndi kansalu, n'kulumikiza magetsi. Kwa nthawi yoyamba anauza mwana wawo kuti alowe.

"Ndivule nsapato?" anafunsa namwinoyo, ndipo sizinkadziwika ngati akuseka kapena ayi.

"Ingolowa, mwanawe. Usatsamire phiri."

Anayamba ndi nambala khumi ndi zinayi, kofiira, kamene ankakanyadira kuposa tonse. Kanatuluka m'pepala kakunyezimira ngati kagulidwa dzulo. Anakakhazika panjanji, anakweza timikono take kuti tigwire waya, n'kupotokola pang'onopang'ono. Kanyale kanayaka. M'kati munamveka kulira kwapansipansi. Kainjiniko sikanasunthe. Anapotokola mpaka kumapeto, anakakankha ndi chala, magudumu anangokhwekhwereza panjanji osazungulira.

"Mwina ndi fumbi," anatero. Anakachotsa n'kutenga kotsatira.

Nambala khumi ndi zitatu kanachita chimodzimodzi. Nambala khumi ndi ziwiri sikanayatse n'komwe nyale. Nambala khumi ndi chimodzi atakanyamula m'bokosi, magudumu anatsala m'pepala, ndipo chitsulo cha pansi pake chinayoyoka m'manja mwawo ngati buledi wouma. Anaimirira nako kakasi, akuyang'ana tizidutswato pachikhatho. Kenako anatenga kasukuludiraiva, anatsegula kofiira kaja, n'kupeza kuti girisi wa m'magiya wauma gwa, wasanduka ngati sopo wakale, ndipo kagiya kamodzi kang'ambika pakati.

Kalipentala anali atabwera kudzaima pakhomo. Anasuzumira, n'kulankhula modekha ngati ali pamaliro.

"Makina osayenda amafa ataima, achimwene. Ngakhale randa wanga wopalira matabwa ndikamusiya chaka amandikana. Timeneti timafuna kuyendetsedwa, mafuta azizungulira."

"Tinali m'mabokosi," anatero a Sizinathe. "Palibe anatikhudza."

"Ndiye zimenezotu."

A Sizinathe anapitiriza kutsitsa mabokosi, limodzi ndi limodzi, namwino akumasula mapepala. Kena kanalira n'kununkha kupserera. Kena kanagwedezeka kamodzi ngati kakufuna kunyamuka, mitima ya onse inakwera, kenako zii. Timainjini khumi ndi titatu tinandandalikana pambali pa siteshoni, tokongola, topanda banga, takufa. Zaka zonse zija ankaganiza kuti akusunga, pamene ankangotikwirira mwaulemu mwezi ndi mwezi.

Linatsala bokosi limodzi pashelefu ya pansi, lolembedwa nambala wani. Anachita kuzengereza kulitenga. Kobiriwira kaja kanali kakale kuposa tonse, ndipo ngati tatsopano tafa, aka akayembekezere chiyani? Bokosi limeneli anali atasiya kale kulivundukula pa Malamulungu aja, chifukwa kukalika kwa pambali kunkawanyansa. Atakweza chivundikiro, fungo linawafika m'mphuno, ndipo anadziwa fungolo asanaganize. Anali mafuta a makina osokera. Pepala linali lokulungidwa mwa njira ina, mopinda makona ngati mmene amapindira nsalu. Anatembenuza kainjiniko. Magudumu ake anali osalala, onyezimira m'mphepete, a chinthu chimene chayenda ulendo wautali.

Anakaika panjanji. Atangopotokola, kanyale kanayaka, ndipo kainjiniko kananyamuka mosanyinyirika, kanatuluka pasiteshoni, kanadutsa pakati pa timapolo, timikono take tikukhudza waya ndi kaphokoso kosalala. Kanalowa m'phiri. A Sizinathe anagwira mpweya mpaka kanyale kanatulukira mbali inayo. Kenako anakumbukira mpata wa pamlatho, n'kuzimitsa magetsi msangamsanga. Kanaima patatsala pang'ono.

A Sizinathe anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndani?"

Namwinoyo anayang'ana pansi, ngati wabwerera ku zaka khumi.

"Amayi."

"Kiyi anali ndi ine."

"Kiyi wa kabati ya kukhitchini amatsegulanso chitseko ichi, bambo. Anatulukira ine ndili kusukulu ya pulaimale. Lachitatu lililonse mukapita kuntchito ankasiya makina, n'kulowa. Ankatenga aka chifukwa mabokosi enawo munawaika pamwamba, sankafikira."

"Iwe unkadziwa."

"Ndinkakhala pakhomo kuyang'ana ngati mukubwera. Nthawi zina ankandipatsa kuti ndipotokole."

A Sizinathe anafuna kukwiya, chifukwa ndi zimene anazolowera munthu akakhudza chinthu cha m'bokosi, koma mkwiyowo sunabwere. Chinabwera ndi chisoni chachikulu, chosakanikirana ndi nsanje. Zaka zonsezo sitima inkayenda m'nyumba mwawo, akazi awo ndi mwana wawo akuseka m'chipinda chino, iwo ali pakawindo kukaniza anthu masipanala.

"Nanga pamlathopa ankatani?"

"Ankaimitsa pomwe mwaimitsapo, n'kubweza cham'mbuyo mpaka kusiteshoni. Ine ndinawauzapo kuti kachidutswa kali m'diloo, tikaikepo, bambo sadziwa. Anakana. Anati kuzungulira ndi kwa tsiku lotsegulira, munawalonjeza, ndiye adikira."

Kalipentala anatsokomola n'kubwerera pakhonde.

A Sizinathe anatsegula diloo. Kachidutswa kanali pomwe anakasiya, m'pepala lake lamafuta, katsopano. Anawerama pamlatho, analowetsa mbali imodzi, inakhala bwino. Mbali inayo inakana. Mwendo wa tebulo wa kuzenera unali utanyowa ndi mvula yodontha zaka zambiri, thabwa linali litapindika, ndipo mapeto awiri a njanji amene kale ankayang'anizana ndendende tsopano anali atasiyana, ena m'mwamba ena m'munsi, ndi mpata wa chikhadabo. Anayesa kupinda, anayesa kuika kapepala pansi, anayesa kukanikiza ndi chigwiriro cha sukuludiraiva. Akangochotsa dzanja, kachidutswako kankadzuka.

Anaitana kalipentala. Iye anagwada, anayang'ana pansi pa tebulo, anagogoda mwendowo.

"Zingatheke. Tichotse mlatho, tisinthe mwendo, tipale thabwali, guluu aume. Masiku awiri."

Kunja kunamveka lole ikuima, kenako hutala.

"Mwanawe, gwira chopotokolacho," anatero a Sizinathe. "Ine ndikanikiza ndi chala. Upotokole pang'ono, monga ankachitira amayi ako."

Anakanikiza njanjiyo ndi chala chachikulu mpaka mapeto awiri aja anakumana. Namwino anapotokola. Kainjini kananyamuka, kanakwera pamlatho, kanalowa pakachidutswa katsopano kaja, n'kufika pa chala chawo. Pamenepo kanaima. Kuti njanji ikhale pansi panafunika chala, ndipo chalacho chinali panjira. Anayesa kuchisendeza kumbali, njanji inadzuka, magudumu a kutsogolo anagwa pambali. Anakabwezera, anayesanso, ulendo uno ndi chikhadabo chokha m'mphepete, koma kainjiniko kanagunda chikhadabocho n'kuimanso. Kachitatu sanachotse chala. Anangokasiya kakukankha, magudumu akuzungulira pamalo amodzi, kanyale kakuwala pakhungu lawo, kathupi kake kakutentha pang'onopang'ono.

"Bambo, kapsa."

"Zimitsa."

Hutala inaliranso. Wa lole anafika pazenera n'kunena kuti ali ndi nyumba zina zitatu mumzere womwewo, ndipo katundu wa pabalaza ayamba kukweza. Namwino anatuluka kukamuonetsa zoyambira. A Sizinathe anachotsa kainjini kobiriwira panjanji. Anayang'ana bokosi lake, nambala wani, kenako anakaika m'thumba la jekete, kakadali kofunda. Tina khumi ndi titatu tija namwino anadzatilongedza yekha mmene anathera, mapepala osapinda, manambala osayang'ana, ndipo iwo sanamudzudzule.

Kalipentala analowa ndi macheka. Anazungulira tebulo, akuyang'ana siteshoni, phiri, timapolo mazana awiri, ndipo zinkaoneka kuti naye dzanja likumulemera.

"Ndiyambire pati, achimwene?"

A Sizinathe anachotsa kachidutswa kotsiriza kaja pamlatho, n'kukaika pazenera.

"Yambirani apa. Pamenepa simudula njanji."

Kalipentala anakhazika macheka pampatapo. Atakoka kawiri, tebulo lonse linayamba kugwedera, ndipo anthu a pasiteshoni anayamba kugwa mmodzimmodzi.

"Tandigwirirani mbali iyo, likuthawa."

M'chipindamo munalibe munthu wina woti agwire. A Sizinathe anavula tayi, anaika manja onse awiri pathabwa, n'kugwira.